Utsi wa ku Rumphi ndi chifuwa chosowa dzina

Ambiri a ife a kuchigawo chapakati ndi kummwera boma la Rumphi timalidziwa ndi zinthu ziwiri, mbidzi za pa Nyika zomwe timaziona pa makalendala, ndi fodya. Ine ndinayendamo kwa sabata imodzi m'mwezi wa May, msika wa fodya uli mkati, ndipo ndiloleni ndiuzeko awerengi anzanga za china chomwe sichijambulidwa pa kalendala. Ndikunena utsi womwe anthu a kumeneko amapuma, ndi chifuwa chomwe chimadza patapita zaka.

Kuchokera ku Mzuzu minibasi imadutsa pa Ekwendeni ndi pa Enukweni, kenaka pa Bwengu imasiya msewu wa M1 n'kukhotera kumadzulo. Pa Njakwa mapiri amayandikana ngati akufuna kutseka njira, mtsinje wa South Rukuru n'kumadzipanikiza pakati pawo. Mukangotuluka pampata umenewu mwafika pa Boma, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Mzuzu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 229,161 m'boma lonseli. Ndi ochepa tikayerekeza ndi maboma a kwathu, koma anamwazikana m'malo osafanana m'pang'ono pomwe. Kuli chigwa cha Nkhamanga kumadzulo, chigwa cha Henga, mapiri a Phoka, ndi kamzere kopyapyala ka m'mphepete mwa nyanja. Gawo lalikulu la dzikolo ndi la nyama za pa Nyika ndi ku Vwaza. Dera lililonse mwa awa lili ndi utsi wakewake.

Ndinayamba ndi Nkhamanga. Msewu wa ku Bolero, kwawo kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe komwe chaka ndi chaka kumachitikira mwambo wa Gonapamuhanya, uli ndi zigafa mbali zonse ziwiri. M'mwezi wa May m'minda mumakhala mutatsala mitengo ya fodya yopanda masamba, ntchito yonse itasamukira pansi pa denga la udzu. Fodya wambiri kuno ndi wa bale, wouma ndi mphepo. Amayi ndi abambo amakhala pansi kusankha masamba, kumanga timitolo, kenaka kudinda mabelo pa jeke. Mukalowa m'chigafa fumbi la fodya limakugwirani pakhosi musanapereke n'komwe moni. Mlendo amayetsemula, eni ake n'kumaseka, ati iwo anazolowera.

Pamsika wa Bolero mumamva Chitumbuka chokhachokha. Moni ndi monire, fodya ndi hona. Koma m'zigafa za m'maesiteti ambiri mumamva Chichewa, Chilhomwe ndi Chiyao. Amenewa ndi abale athu ochokera ku Phalombe, Mulanje, Thyolo, Machinga ndi Mangochi, komwe malo olima anachepa kalekale. Kwa zaka zambiri akhala akubwera pa malole ngati matenanti. Mwini munda amapereka malo, mbewu, feteleza ndi chimanga chodya, zonse pangongole, ndipo nyengo ikatha amagula fodyayo pa mtengo womwe wanena yekha, atachotseratu ngongole ija. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la zolemba anthu ntchito n'kuthetsa utenanti. Papepala unathadi. Koma munthu amene anabwera ndi banja lake kuchokera ku Phalombe, wopanda ndalama ya basi yobwerera, dzina la ntchito yake likasintha chigafa chimakhalabe chomwecho.

Apa ndinene mosamala, poti nkhani za matenda sizifuna kukokomeza. Kulima fodya pakokha si komwe kumadziwika ndi khansa ya m'mapapo. Kuthyola masamba onyowa kumalowetsa nikotini kudzera pakhungu, munthu n'kumamva chizungulire, nseru ndi mutu. Lipoti la bungwe la Plan International la 2009 linati mwana wogwira ntchito m'munda wa fodya m'Malawi angathe kulowetsa m'thupi nikotini wofanana ndi wa ndudu 50 pa tsiku limodzi. Amenewo ndi matenda ena, oipa paokha. Chomwe chimabala khansa ya m'mapapo koposa zonse ndi kusuta. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa odwala nthendayi 100 aliwonse, pafupifupi 85 gwero lake ndi fodya wosuta. Akatswiri awiri a ku Britain, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill, anaonetsa ubale umenewu mu 1950, ndipo kafukufuku wa zaka zonse zotsatira wangowonjezera umboni.

Tsonotu komwe amalima fodya kusuta n'kwaulere. Wa m'tauni amayamba wawerenga ndalama asanagule ndudu pa okala. Wa m'chigafa amangotambasula dzanja, kufikisa tsamba louma, kulikulunga m'pepala la kope lakale, basi chingambwe chayaka. Chilibe sefa, chilibe msonkho, chilibe mawu ochenjeza monga aja a pa paketi. Mnyamata amachiyamba akadali wa msinkhu wa pulayimale chifukwa akulu ake amati chimaiwalitsa njala ndi chisanu cha m'mamawa. Makolo anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo pa zonse zomwe tenanti amalima chaka chathunthu, chingambwecho ndilo gawo lokhalo lomwe palibe amamuchotsera. Kafukufuku wa STEPS womwe Unduna wa Zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 unapeza kuti amuna pafupifupi 26 mwa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 amasuta, pomwe amayi ndi atatu okha. Akafukufuku ena a zaumoyo m'dziko muno amaonetsanso kuti osuta ambiri ndi amuna a kumudzi, osauka, amene sukulu sanapite nayo patali.

Kunja, zoti umphawi ndi khansa ya m'mapapo zimayendera limodzi si mphekesera. Ku England imfa iliyonse imalembedwa pamodzi ndi chomwe chapha munthuyo, ndipo amene wamwalira asanakwane zaka 75 amamuwerenga kuti wafa msanga. Akajambula mapu a imfa zoterezi, madera ofiira amakhala omwewomwewo chaka ndi chaka, monga Liverpool, Manchester, Hull, Middlesbrough ndi matauni ena a kumpoto komwe kale kunali migodi, madoko ndi mafakitale. M'madera osaukitsitsa imfa za khansa ya m'mapapo zimaposa kawiri za m'madera olemera. Anthu ake amasuta kwambiri, anagwira ntchito za fumbi, ndipo amafika kwa dokotala nthenda itakula. Poona zimenezi, mu 2016 a zaumoyo ku Manchester anakweza makina ojambula m'chifuwa a CT m'malole n'kukawaimika pafupi ndi masitolo a m'madera osauka, kuti munthu ajambulidwe pobwera kogula ndiwo. Ambiri mwa omwe anapezeka ndi khansa anapezeka ikadali yaing'ono, yochizika. Mu 2023 boma lawo linalengeza kuti ntchitoyi ifalikire m'dziko lonse kwa anthu a zaka 55 mpaka 74 omwe anasutapo.

Sindikutchula za ku England kuti tiziwasirira. Malole awowo anadziwa kokaima chifukwa panali mapu, ndipo mapuwo anabadwa chifukwa chowerenga maliro. Kwathu kuno muyeso wa zaka 75 ungatiseketse, poti avereji ya moyo wa Mmalawi sifika n'komwe zaka 70. Nalo boma la Rumphi lili ndi madera ake ofiira, kungoti palibe anawapaka utoto. Ndipo pali china chomwe chingasokoneze wojambula mapu wina aliyense. Khansa imeneyi imatenga zaka 20 kapena 30 kuti ionekere. Munthu amene anafika ku Nkhamanga m'zaka za m'ma 1990, alimi ang'onoang'ono atangololedwa kulima bale ndipo aliyense akufuna antchito, lero ndi wa zaka za m'ma 50. Akayamba kuwonda ndi kutsokomola, jeke osaithanso, amakwezedwa basi kubwerera kwawo. Utsi anaupumira ku Rumphi, manda ake ali ku Phalombe.

Kuchoka ku Bolero ndinabwerera pa Njakwa n'kutenga msewu wa ku Livingstonia wodzera ku Mhuju, womwe anauthira phula zaka zaposachedwapa. Poyamba mumadutsa minda ya chimanga ndi zigafa za m'chigwa cha Henga, kenaka msewu umayamba kukwera, mphepo n'kusintha, m'mbali mwa mapiri a Phoka n'kumaoneka timinda ta khofi. Pansi pa mapiri amenewa pali malasha amiyala. Mgodi wa Kaziwiziwi uli chakuno, wa Mchenga uli kumunsi pafupi ndi M1 potsetserekera ku Chiweta, ndipo yonse iwiri inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1980. Malashawo amapita pa malole kumafakitale a m'mizinda, kuphatikizapo okonza fodya yemweyo. Amuna oweruka kumgodi madzulo mumawazindikira ndi maso okha oyera. Fumbi la malasha limadetsa ndi kuumitsa mapapo pang'onopang'ono. Fumbi la silika, lomwe limatuluka poboola thanthwe, nthambi ya WHO yoona za khansa yotchedwa IARC inaliika pagulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo utsi wa injini za dizilo unalowa pagulu lomwelo mu 2012. Wamumgodi amene amasutanso wasenza mitolo iwiri pamutu umodzi.

Fumbi la mumgodi si lachilendo kwa anthu a kumpoto. Agogo awo anapita ku Wankie, ku Copperbelt ndi kumigodi ya golide ya ku Johannesburg, ena paokha, ena kudzera ku Wenela. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda n'kuimitsa ulendo wa kumigodi. Unayambiranso mu 1977 kudzera ku TEBA n'kudzatheratu mu 1988. Omwe sanabwerere ankatchedwa machona. Omwe anabwerera anafika ndi njinga, wailesi, jekete ndi chifuwa. Mu 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano woti makampani a migodi ya golide apereke ndalama zokwana R5 biliyoni kwa omwe anadwala silicosis ndi chifuwa chachikulu, kudzera ku Tshiamiso Trust. Koma kuti munthu alandire pamafunika umboni wa kuchipatala ndi woonetsa kuti anagwiradi kumgodi wakutiwakuti. Ambiri mwa madala aja anaikidwa kale, ndipo mapepala awo anadyedwa ndi chiswe m'masutikesi.

Usiku wa ku Phoka m'mwezi wa May umazizira mpaka m'mafupa. Pa nyumba yomwe ndinagona, banja lonse linasonkhana m'khitchini, kanyumba kakang'ono kopanda zenera, chitseko chotseka kuopa mphepo. Pa mafuwa atatu panali mphika wa nyemba, nkhuni zake zosauma bwino. Denga lonse linali bii ndi mwaye. Mayi wa panyumbapo anagwada n'kumauzira moto, mwana ali kumsana, misozi ikulengeza m'maso. Utsi m'Chitumbuka amati josi, ndipo mayiwa anandiuza kuti josi ndilo limathamangitsa udzudzu ndi anankafumbwe, ndiye ndi labwino. Sanasutepo fodya chibadwire. Koma tawerengani maola omwe amakhala pamoto, m'mawa madzi osamba ndi phala, masana nsima, madzulo nyemba zomwe sizipsa msanga, masiku onse a moyo wawo kuyambira ali kamtsikana. WHO imati anthu pafupifupi 3 miliyoni amamwalira chaka chilichonse ndi matenda obwera chifukwa cha utsi wa m'nyumba. Ambiri amafa ndi chibayo, matenda a mtima, sitiroko ndi kubanika, koma ena ndi khansa ya m'mapapo.

Umboni woopsa pa nkhani imeneyi unachokera ku Xuanwei, dera la mapiri ndi losauka m'chigawo cha Yunnan ku China. Amayi a kumeneko sasuta, koma imfa zawo za khansa ya m'mapapo zinali pakati pa zochuluka kwambiri m'dziko lonselo. Akatswiri atafufuza anapeza kuti vuto linali malasha amiyala a utsi omwe ankaphikira ndi kuothera m'nyumba zopanda chumuni. M'mabanja omwe anamanga mbaula za chumuni nthendayi inatsika kwambiri. Nkhani imeneyi ndinaikumbukira nditaona zibenthu za malasha zakugwa m'malole m'mbali mwa msewu. IARC imati utsi wa malasha amiyala m'nyumba ndi wotsimikizika kuti umayambitsa khansa, ndipo wa nkhuni inauika pagulu lotsatira, la zinthu zomwe n'zokayikitsa kwambiri.

Komabe tisafulumire kunena kuti mbaula yabwino ithetsa zonse. Ku Chilumba m'boma la Karonga, poyandikana ndi Rumphi, komanso ku Chikwawa, kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa CAPS wokhudza ana oposa 10,000. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa, ena anapitiriza kuphika pa mafuwa. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, zinadabwitsa ambiri. Ana opsa ndi moto anachepa, koma chibayo sichinatsike. Mwana wa kumudzi sapumira m'khitchini mokha. Pali utsi wa zinyalala, wa tchire, wa koloboyi, ndi wa chingambwe cha bambo ake.

Livingstonia ndi malo okongola, ndipo za kukongola kwake ena analemba kale zambiri. Robert Laws anakhazikitsa mishoni pa phiri la Khondowe mu 1894. Nyumba yake yamiyala ilipobe, mathithi a Manchewe ali chapafupi, ndipo nyanja imaoneka pansi, mamita pafupifupi 900 kutsika. Chipatala cha David Gordon Memorial chinatsegulidwa mu 1911 ndipo chikuthandizabe anthu a m'mapiri ndi a kunyanja. Chifukwa cha sukulu za mishoni imeneyi, Rumphi ndi limodzi mwa maboma omwe anthu ambiri amadziwa kulemba ndi kuwerenga. Wina angafunse kuti nanga umphawi ndikunenawu uli pati m'boma la anthu ophunzira chotere. Yankho n'lakuti avereji imabisa. Mwana wa m'busa wa ku Khondowe amene lero ndi loya ku Lilongwe, ndi mwana wa tenanti amene anasiyira Sitandade 3 kuti azisoka fodya, onse amawerengedwa kuti ndi a ku Rumphi. Kusiyana kwenikweni kuli mkati mwa boma, pakati pa nyumba ya malata ndi chisakasa chomwe chili kuseri kwake.

Kusiyanako kumaonekera bwino munthu akadwala. Taganizirani bambo wa zaka 55 wa ku Hewe, kufupi ndi malire a Zambia, amene wasuta chingambwe kuyambira unyamata. Watsokomola miyezi iwiri. Amayamba ndi mandimu ndi masamba a bulugamu, kenaka timapiritsi ta pa golosale, mwinanso kwa asing'anga. Akaona magazi m'makhololo m'pomwe amapita ku chipatala chaching'ono cha Katowo. Kumeneko aganizira chifuwa chachikulu, ndipo salakwa, chifukwa m'dziko muno munthu wotsokomola, wowonda ndi wotuluka thukuta usiku nthawi zambiri amakhaladi ndi TB. Makhololo apimidwa, kachilombo sikapezeka. Apatsidwa mankhwala a chibayo n'kuuzidwa kuti akapanda kusintha akajambulitse pa Boma. Ulendo umenewo ndi wa fumbi m'chilimwe, wa matope m'dzinja, ndipo wa njinga yamoto salandira chimanga. Pa X-ray paoneka mthunzi. Tsoka lake n'lakuti mthunzi wa TB ndi wa khansa umatha kufanana, ndipo pali TB yomwe siipezeka m'makhololo. Ndiye ayambitsidwa mankhwala a TB a miyezi 6. Amamwa mokhulupirika, mkazi wake akuchonga pa khadi tsiku ndi tsiku, koma thupi likungopita.

Miyezi itatu kapena inayi itatha chomwechi m'pomwe amatumizidwa ku Mzuzu Central. Kuti dokotala anene motsimikiza kuti ndi khansa, pamafunika kujambula ndi CT komanso kutapa kachidutswa ka chotupacho n'kukakapima. Makina a CT ali m'zipatala za m'mizinda basi, ndipo akatswiri opima zotupa m'dziko muno ndi owerengeka, ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Labu yopima zotupa ya pa Kamuzu Central inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi University of North Carolina. Chithandizo chowotcha khansa ndi makina m'chipatala cha boma chayamba mu 2025 pa National Cancer Centre ku Lilongwe. Zaka zonse za m'mbuyomu odwala ankadikira pamndandanda wotumizidwa kunja. Kuchokera pa Boma la Rumphi kukafika ku Lilongwe ndi makilomita oposa 400, ndipo wodwala sayenda yekha. Pafunika womudikirira, ufa, nkhuni, ndi wina wotsala kumudzi kukolola. Pa sitepe iliyonse ya ulendowu wina amagwa, ndipo amene amagwa amadziwikiratu. Mphunzitsi wopuma wa pa Boma, amene mwana wake ali ndi galimoto ku Area 47, amafika mpaka kumapeto n'kumva dzina la nthenda yake. Bambo wa ku Hewe amabwerera pa Mzuzu, kapena sanyamuka n'komwe.

N'chifukwa chake ziwerengero zathu tiyenera kuziwerenga ndi maso awiri. Kaundula wa khansa wa dziko lino, yemwe likulu lake lili ku Blantyre, analemba odwala atsopano 18,946 pakati pa 2007 ndi 2010. Kwa amuna patsogolo panali Kaposi sarcoma ndi khansa ya kummero, kwa amayi ya khomo la chiberekero. Ya m'mapapo sinali n'komwe pa zisanu zoyambirira, pomwe padziko lonse ndiyo imapha anthu ambiri kuposa khansa ina iliyonse, pafupifupi 1.8 miliyoni pa chaka. Mbali ina kuchepaku n'koona. Amalawi ambiri ndi achinyamata, amayi athu sasuta kwenikweni, ndipo matenda ena amatitenga khansayi isanatipeze. Koma mbali ina n'kusaoneka chabe. Kaposi amaonekera pakhungu. Khansa ya khomo la chiberekero namwino amaiona ndi viniga ndi tochi. Ya kummero imadziulula yokha nsima ikakana kutsika. Ya m'mapapo imabisala kuseri kwa nthiti, ndipo ili ndi mapasa ake, TB, amene amaitanidwa dzina m'malo mwake. Kuwonjezera apo, munthu amene ali ndi HIV kapena anadwalapo TB ali pachiopsezo chokulirapo cha khansayi, ndiye matendawa amatha kukhalira limodzi m'chifuwa chimodzi. Munthu akamwalirira kunyumba, pamaliro amangolengeza kuti malemuwa anadwala chifuwa kwa nthawi yaitali. Mawu amenewo sadzafika m'kaundula aliyense wa khansa.

Mu 2023 dziko la Malawi linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya, litakhala kunja kwa zaka 20, poti fodya ndiye amabweretsa pafupifupi theka la ndalama zakunja zomwe timapeza pogulitsa katundu. Panganoli limanena za msonkho wa ndudu, machenjezo a pa mapaketi, kuletsa kusuta pagulu, ndi kuthandiza alimi kupeza mbewu zina. Zonsezi n'zabwino, koma zambiri zinalembedwa poganizira munthu wogula ndudu m'sitolo. Chingambwe msonkho suchipeza. Ine sindingaime pa Bolero n'kuuza mlimi kuti azule fodya. Nyumba za malata zomwe ndinaziona ku Nkhamanga ndi ku Henga, ndi ana ambiri omwe ali m'makoleji, ndi fodya ameneyo, ndipo amene anayesako soya akudziwa mmene mtengo wake umagwera mavenda akagwirizana.

Zomwe ndingapemphe n'zotsika mtengo kuposa malole a ku Manchester. Buku la kuchipatala lomwe Mmalawi aliyense amayenda nalo lingathe kukhala ndi mzere wolembapo ngati munthu amasuta, kuyambira liti, komanso ngati anagwirapo mumgodi. Wodwala wa zaka zoposa 40 amene makhololo ake sanaonetse kachilombo, ndipo mankhwala a TB sakumusintha pakatha miyezi iwiri, asadikire kuti amalize yonse 6 asanatumizidwe patsogolo. Alangizi a zaumoyo a m'midzi, omwe amalemba kale za ana obadwa ndi katemera, angathe kumafunsa achibale a womwalira mafunso angapo n'kulemba zomwe anadwala. Pa belo lililonse logulitsidwa ku okushoni ya ku Mzuzu amadulapo ndalama za mabungwe osiyanasiyana, ndipo sindikuona chifukwa chomwe kagawo kena sikangapite kukalimbikitsa zopima chifuwa m'maboma omwe fodyayo amachokera. Kwa osuta omwe akuwerenga kalata ino, WHO imati munthu akasiya, pakatha zaka 10 chiopsezo chake cha khansa ya m'mapapo chimatsika kufika pafupifupi theka la cha amene akusutabe. Zaka 45 si mochedwa.

Potsika ndinadzera msewu wa Gorodi, womwe amishoni anausema m'phiri mu 1905, wa makona 20 oti dalaivala akakhota okwera onse amakhala chete. Pansi pa Chitimba kunali kotentha ngati dziko lina. Ngakhale kunyanja utsi ulipo, wa amayi owamba nsomba pa nkhuni kuyambira mbandakucha, nkhope zili pamwamba pa waya. Chakummwera, kupitirira Mlowe, kuli midzi ngati Tcharo komwe galimoto siifika, ndipo wodwala amayamba wakwera boti kapena kunyamulidwa m'tinjira ta m'mapiri asanaone msewu.

Pa chitunda cha Chiweta minibasi yathu inakwera pang'onopang'ono kumbuyo kwa lole ya malasha, ina ya mabelo a fodya ili patsogolo pake, zonse zikufuka utsi wakuda. Pambali panga panali bambo wachikulire ndi mpongozi wake. Kondakitala, powaona akubanika, anawaitana kuti adada n'kuwasinthira pa zenera. Buku lawo la kuchipatala linali lokulungidwa m'pepala la shuga, ndipo mpongoziyo anati ndi lachiwiri, loyamba linadzaza. Mankhwala a TB anamaliza mu February. Ankapita ku Mzuzu kachitatu kukamva zotsatira. Ndalama yomwe anali nayo inali ya ulendo wopita wokha, yobwerera ankadalira belo la mwana wawo lomwe linali lisanagulidwe ku okushoni.